Mafilimu Onunkha Viniga

Mafilimu akale amene timasunga mu laibulale yathu akuwola, ndipo mankhwala ake kulibe. Filimu yotere ikayamba kuwola imanunkha viniga, imafota, imapindika m'mphepete ngati tsamba la fodya, kenaka imamatana yokhayokha mpaka osathekanso kuitambasula. Kuzizira kumachedwetsa zimenezi koma sikuziletsa. Ndayamba ndi mfundo imeneyi chifukwa ndi mmene anandiphunzitsira kulemba. Ndisanakhale woyang'anira mabuku ndinali mtolankhani, ndipo mkonzi wathu ankati munthu akamwalira uzinena m'chiganizo choyamba kuti wamwalira, za suti imene ankakonda kuvala zibwere pambuyo.

Utolankhani ndinausiya nditatopa ndi kuthamangitsa anthu osafuna kulankhula nane. Mu laibulale anthu amabwera okha, ndipo lamulo limawaletsa kulankhula. Ndinaona kuti ntchito yake ndi imeneyi.

Laibulale yathu ndi yaing'ono. Ili m'chipinda chapansi cha nyumba ina ya maofesi ku City Centre. Ine ndimakhala ku Old Town, ndipo m'mawa uliwonse ndimakwera minibasi pamene oitanira akulimbirana anthu, mahutala akulira, ogulitsa mandasi akukuwa. Ndikatsika ku City Centre zimakhala ngati wina watsitsa voliyumu ya mzinda wonse. Misewu yake ndi yotakata, nyumba zake zotalikirana, ndipo pakati pake pali mitengo ndi tinjira tofiira timene anthu oyenda pansi anadzilambulira okha podula njira. Ndimatsegula zitseko, ndimapachika nyuzipepala za tsikulo pa ndodo zake, ndimasintha deti pa chidindo. Kenaka ndimayendera mashelefu kuona ngati chiswe chatulukira penapake usiku. Ntchito yambiri ya woyang'anira mabuku ndi ya guluu ndi nsanza: kumata misana ya mabuku, kupukuta fumbi, kubweza buku pamalo pake pamene wina analisiya pa shelefu ya eni. Kuwerenga kumabwera mwakuba, tsamba limodzi apa, awiri apo, uli chiimire.

Nthawi imene ndimaikonda ndi masana a mwezi wa Okutobala. Ophunzira amene amabwera kudzakonzekera mayeso amagona mmodzimmodzi, tsaya pa buku, cholembera chikadali m'manja. Mkulu wina wopuma pantchito amawodzera nyuzipepala ili chitambasulire. Dzuwa likapendeka, kuwala kumalowa pa zenera lakumadzulo ngati mtanda wautali, fumbi n'kumayandama m'menemo pang'onopang'ono, kukwera, kutsika. Ndikakuyang'ana kuwala kumeneko ndimabwerera ku bwalo la sukulu ya kwathu ku Mchesi, tsiku limene kunabwera galimoto ya kanema. Anamangirira nsalu yoyera pa mitengo iwiri. Kutsogolo kunadzaza, ndiye ife ana tinakakhala kuseri kwa nsaluyo, kumene zithunzi zinkaoneka chimodzimodzi koma zotembenuka. Anthu onse a mu filimu yoyamba imene ndinaonera anali amanzere. Pambuyo pake kunabwera mavidiyo a m'tizipinda ta mabenchi, kenaka ma CD, lero mafoni. Zonsezi ndaonera ndipo ndimazikonda, koma palibe chimene chinalowa m'malo mwa kuwala kodutsa pamwamba pa mitu ya anthu, ndi kulira kwa makina kumbuyo, teketeketeke. Pa sekondi imodzi pamadutsa zithunzi makumi awiri ndi zinayi, ndipo pakati pa chithunzi ndi chinzake makina amatseka kuwala. Ndiye kuti munthu woonera filimu amakhala mumdima nthawi yambiri ndithu, koma diso silimuuza.

Pansi pa zenera lomwelo lakumadzulo pali kabati yachitsulo. M'menemo ndi mmene mumakhala mafilimu, iliyonse m'chitini chake chozungulira ngati mbale. Anabwera kalekale kuchokera ku ofesi ina imene inatsekedwa, ndipo popeza panalibe wowafuna anawapereka kwa anthu a mabuku. Ambiri ndi ophunzitsa: kukumba zimbudzi, kusambitsa ng'ombe m'dibi, kusamala mwana wodwala. Ena ndi a ntchito zachitukuko.

Mayi amene ankayang'anira laibulaleyi ine ndisanabwere, amenenso anandiphunzitsa ntchito, ankawasamala mafilimuwa monga momwe tonse kuno timasamalira chinthu cha mtengo wapatali, ndiko kuchitsekera. Diresi laukwati limakhala m'sutikesi, satifiketi m'pulasitiki, mbewu ya chimanga m'chigubu chomata pakamwa. Adani amene timawadziwa ndi fumbi, chiswe, mphemvu ndi denga lodontha, ndipo onsewa amachokera kunja. Choncho chitini chilichonse anachizunguliza selotepi pa chivundikiro, n'kuchikulunga m'jumbo, n'kuponyamo timibulu toyera tothamangitsa njenjete. Chaka chilichonse mvula isanayambe tinkaika selotepi yatsopano pamwamba pa yakale. Mwambo umenewu tinkautchula kuti kuveka mafilimu, ndipo tinkauchita mokondwa, tikumwa tiyi.

Fungo linayamba pang'onopang'ono. Masana kukatentha, pakona imeneyo pankamveka kanthu kowawasa. Ndinaganizira mnzanga wa pakauntala, mayi wachitsikana wa ku Kawale amene amabwera ndi chakudya chake m'kontena.

"Achemwali, achale wanuyo muzidyera panja."

"Achimwene, musandinamizire. Achale ndinasiya ndili ndi pakati pa mwana woyamba. Nunkhizani masokosi a ophunzira anuwa."

Tinasuntha matebulo, tinakolopa, tinafunafuna khoswe wakufa. Kabati sitinaiganizire, chifukwa inali yotseka bwino kuposa china chilichonse m'chipindamo.

Mwa owerenga athu okhazikika muli mayi wina wachikulire wa ku Rumphi. Anagwira ntchito yotayipa ku Capital Hill mpaka kupuma, amuna awo anamwalira, ndipo tsopano amakhala ndi mwana wawo wamkazi ku Area 11. Amabwera pakati pa sabata atavala juzi ngakhale kukutentha, ndipo amanditchula kuti adada ngakhale ndine wamng'ono kwa iwo. Amakonda mabuku a apolisi ofufuza milandu, ndipo amabweza buku atalilemba chiweruzo pakamwa: uyu wakupha ndinamudziwa pa tsamba lachitatu, wolembayu sanayambe wagwirapo ntchito muofesi. M'zaka zapitazi matenda a shuga ayamba kuwadya maso. Anasiya mabuku wamba n'kuyamba a zilembo zikuluzikulu. Otere tili nawo ochepa, ndipo anawamaliza onse, ngakhale la ulimi wa njuchi. Powerenga amaliyandikitsa buku mpaka kukhudza mphuno.

Tsiku lina ataima pafupi ndi kabati ija anandifunsa chimene chinali m'katimo. Nditawauza, anakhala pa mpando wa ophunzira n'kuvula magalasi.

"Muli filimu ya pamene ankamanga likulu lino?"

"Chilipo chitini cholembedwa choncho, amayi."

"Abambo a kunyumba ali m'menemo."

Anandifotokozera kuti amuna awo anali kalaliki wachinyamata pa nthawi imene maofesi ankasamukira kuno. Ojambula filimu anawapeza akuyenda pamalo pamene ankadzala mitengo, mapepala ali m'khwapa, n'kuwauza kuti abwerere ayendenso kachiwiri, koma asayang'ane kamera. Iwo anayenda, anayesetsa, koma pomaliza anacheuka n'kuseka. Filimuyo inaonetsedwa kamodzi mu holo ina ku Old Town iwo atangokwatirana kumene.

"Ndinawaona ine. Eni ake anali atatuluka kukandigulira mtedza. Pobwera anapeza holo yonse ikuwaloza. Mpaka kumwalira ankati ndinangopeka."

Zithunzi za amuna awo ali nazo, za paukwati ndi za pa chiphaso, zonse ataima chilili ngati msilikali. Chimene ankafuna ndi kuwaonanso akuyenda. Anati munthu umayamba kumuiwala mayendedwe, nkhope imatsalira.

Ndinawauza zoona, kuti pulojekitala, makina oonetsera aja, ili m'sitolo koma sinayatsidwe kwa zaka zambiri. Ndinalonjeza kuti ndiifufuza. Miyezi inapita ndi ntchito zina, iwo osandikumbutsa.

Kenaka unafika msonkhano wapachaka wa anthu oyang'anira mabuku. Misonkhano imeneyi ndimaikonda, ndipo sindichita nazo manyazi. Ndi malo okhawo pamene anthu amene amakhala chaka chonse akuuza anzawo kuti akhale chete amalankhula mpaka mawu kusasa. Umalandira chikwama cha nsalu, cholembera chimene chimatha inki tsiku lomwelo, ndi kakhadi ka dzina kolendewera m'khosi. Pa tebulo pamakhala madzi a m'botolo ndi maswiti m'kambale. Wapampando amapempha kuti tizimitse mafoni, ndipo foni yoyamba kulira imakhala yake. Ndapitako ku misonkhano yotere ku Mzuzu, ku Zomba, ndi kamodzi kunja kwa dziko, kumene ndinathera masana onse m'sitolo ya mabuku akale ndikuwanunkhiza. Chaka chimenechi unachitikira mu hotela ina ku City Centre komweko, ndipo anzanga ochokera kutali sanandisiye.

"Mwafika bwanji, achimwene? Ulendo wowoloka msewu si masewera. Mupume kaye."

Nkhani zambiri zinali za makompyuta, monga zimakhalira masiku ano: kuika mabuku onse pa intaneti, laibulale yopanda makoma, wowerenga wa mawa. Ndimamvetsera nkhani zotere ngati nthano zabwino. Mphepo ya makina oziziritsa imakuwomba pakhosi, mawu a wolankhula amatalikira, ndipo umayamba kuona mashelefu akuyandama pamwamba pa mzinda, mabuku akutsika okha m'manja mwa anthu odikira minibasi.

Mlendo wa chaka chimenecho anali mayi wa imvi, wamfupi, wosunga mafilimu akale m'dziko lina loyandikana ndi lathu. Anamupatsa nthawi yoipa, itangotha nkhomaliro, pamene theka la holo limakhala likulimbana ndi zikope. Iye sanayatse kompyuta. Anatulutsa kachitini m'chikwama, anakatsegula, n'kupempha kuti tipatsirane, aliyense anunkhize. Anthu ankakwinya mphuno n'kuseka. Katafika kwa ine tulo tonse tinatha. Linali fungo la pakona yathu ija.

Ndinakweza dzanja. Ndinafotokoza kuti ifenso tili ndi mafilimu, koma athu ndi osamalidwa bwino, omatidwa ndi selotepi, okulungidwa m'majumbo, otsekeredwa m'kabati yachitsulo. Ndinaona anzanga ena akugwedeza mitu movomereza, chifukwa akanakhala iwo akanachita chimodzimodzi.

"Kabatiyo ili pati?" anafunsa mlendoyo.

"Pansi pa zenera."

"Dzuwa limafikapo?"

"Masana onse."

Kenaka anafotokoza mofatsa, ngati namwino. Filimu yamtunduwu ikamakalamba imatulutsa mpweya wowawasa. Mpweyawo ukapeza potulukira, filimu imakalamba pang'onopang'ono. Ukatsekeredwa, umabwerera n'kuidya filimu yomweyo, ndipo kutentha kumafulumizitsa ntchitoyo. Yodwala imapatsiranso zinzake zoyandikana nazo. Malangizo ake anali achidule: mukamatule lero, mupatule odwala, muwaike pozizira. Ndipo anawonjezera chinthu chimene sindinafune kumva.

"Musayerekeze kuika filimu yotere mu pulojekitala. M'mphepete mwa filimu muli timabowo, ndipo makina ali ndi mano olowa m'timabowomo. Filimu ikafota timabowo timayandikana, koma mano sasuntha. Amaing'amba."

Anati alipo makina ena opanda mano, amene amajambula chithunzi chilichonse n'kuchiika pa kompyuta. Kwawo alipo amodzi, ndipo mafilimu odikira ndi ambiri. Tikhoza kupempha malo pamzere. Za nthawi sanalonjeze.

Pa tiyi mnzanga wa ku Mzuzu anandigwira paphewa, samusa ili m'dzanja lina.

"Ndiye inu a ku likulu mwakhala mukufutsa mafilimu ngati nkhwani? Mutigawireko chilimwe chino."

Ndinaseka nawo, koma nkhani zotsala za tsikulo sindinazimve.

Mawa lake tinatsegula mazenera onse n'kuyamba kumatula. Selotepi inali yosanjikizana ngati makungwa a mtengo, chaka pamwamba pa chaka. Fungo linatilowa m'maso mpaka misozi. M'zitini zina munali phala lolimba lofiirira, losadziwika kuti linali filimu. Zina zinali bwinobwino, zonyezimira ngati zagulidwa dzulo. Mnzanga wa pakauntala anamanga mpango pamphuno.

"Mundipepese pa nkhani ya achale ija."

"Pepani, achemwali."

"Mokweza. Ophunzira amve."

Chitini cha likulu chinali pakati, osati mwa akufa, osatinso mwa amoyo. Filimuyo inkanunkha, m'mphepete inali itachita mafunde, koma inkatambasuka. Ndinasamba m'manja, ndinakoka kachigawo koyambirira n'kukakweza pa zenera. Chithunzi chilichonse n'chaching'ono ngati chikhadabo. Filimu ya mitundu ikakalamba, mitundu ina imazilala n'kutsala wofiira, choncho zonse zinali zofiira: thambo lofiira, mathirakitala ofiira, anthu ofiira atanyamula timitengo m'machubu. Kumbuyo kwawo kunali chigwa chopanda nyumba ndi imodzi yomwe. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, dzanja lili m'mwamba, ndikuyang'ana malo omwe ndinaimapowo asanakhale malo. Nditafuna kukoka zambiri, filimu inalira ngati tsamba louma. Ndinaibweza.

Kwa mayi a ku Rumphi aja ndinapita wapansi Lachisanu nditaweruka. Ku Area 11 munthu woyenda pansi amamva mapazi ake. Mipanda ndi yaitali, maluwa amalendewera kunja, agalu amauwa osaoneka, ndipo penapake madzi amakhala akuwaza kapinga. Bambo wosamalira maluwa, wa kumudzi wina cha ku Likuni, ananditsegulira geti n'kundilozera pakhonde. Mayiwo anali pa mpando wa nsungwi, wailesi ikuimba nyimbo za kwaya chapansipansi.

"Ndani? Yandikirani. Aa, adada a mabuku. Ndasunga buku lanu mopitirira?"

Ndinawafotokozera zonse mwa ndondomeko: fungo, msonkhano, mano a makina, mzere wa kudziko lina. Anamvetsera manja ali pamiyendo.

"Ndiye akufunika pozizira?"

"Eya, amayi. Filiji ya kuofesi ndi yaing'ono, ndipo magetsi akathima imatentha."

"Mwana wanga ali ndi chifiliji chachikulu kukhitchini, cha nyama. Nyumba ino ili ndi magetsi a dzuwa, sichizima. Bweretsani onse. Abambo akagona pakati pa nkhuku ndi nyemba zaziwisi. Sankadana nazo."

Tinaseka. Kenaka anafunsa kuti makina opanda mano aja adzatifikira liti. Ndinati sindikudziwa, mwina chaka chamawa, mwina kupitirira. Anagwedeza mutu. Anandiuza, ngati akunena za nyengo, kuti diso lakumanzere linatha, ndipo lakumanja likuona ngati munthu woyang'ana pa galasi la kubafa. Adokotala sanawabisire kuti nalonso likupita.

"Mukaisunge, adada. Filimuyo si yanga ndekha. Muli anthu ambiri m'menemo, ana awo adzafuna kuwaona. Ine ndinaonako kale."

Akanandichonderera zikanandipepukira, chifukwa ndikanawawerengera malamulo. Koma anandithira tiyi wina, dzanja lina likufufuza mlomo wa kapu kuti asataye, n'kuyamba kundifunsa ngati kwabwera mabuku atsopano a zilembo zikuluzikulu.

Pobwerera ndinadutsa pansi pa mitengo ya m'mbali mwa msewu wopita ku City Centre. Inali itachita maluwa, ndipo ena ankagwa mmodzimmodzi popanda mphepo. Mwina ina mwa iyo ndi yomwe ndinaiona m'machubu, yosafika m'bondo. Magalimoto a anthu oweruka ku Capital Hill ankadutsa mwakachetechete, mazenera otseka. Ndinkaganiza za mashelefu athu. Buku lililonse limene timabwereketsa limabwera litachepako moyo, tsamba lopindidwa, dontho la tiyi, msana wosweka, ndipo sitinayambe taganizapo zoleka kubwereketsa. Koma buku likatha timaitanitsa lina. Filimu iyi, mmene ndikudziwira, ilipo yokhayi.

Ndinaganiza zimenezi Loweruka ndi Lamulungu lonse, ndipo Lolemba ndinakwera kwa abwana. Laibulale ili pansi pa bwana amene amayang'aniranso magalimoto ndi okolopa, munthu wabwino wa ku Karonga amene amaopa chinthu chimodzi chokha, kufunsidwa mafunso ndi akuluakulu.

"Mukufuna muionetse, chonsecho akatswiri akuletsani?"

"Kamodzi kokha, bwana. Tidzaloza kamera pakhoma kuti chilichonse chooneka chijambulidwe. Ena onse adzapita m'filiji."

"Ikang'ambika?"

"Tidzakhala ndi zimene zadutsa. Zotsala tidzazibweza m'chitini, zidikire makina aja. Koma pong'ambikapo padzatayika."

"Ndipo tikadikira?"

"Filimu ikhoza kupulumuka yonse, kapena kuwola ili pamzere. Koma mayi aja sadzaiona."

Anayang'ana kudenga, anazunguliza cholembera pa tebulo.

"Zitinizo zinalembedwa m'katundu wa ofesi?"

"Ayi, bwana. Palibe anazifunapo."

"Ndiye mwabwera kudzandiuza za chinthu chimene kulibe. Pitani. Mundisungire mpando."

Mlendo wa kumsonkhano uja ndinamuimbira foni, chifukwa sindinafune kuchita mobisa. Anapuma mpweya wautali. Anati maganizo ake sanasinthe, ndipo akanakhala iye sakanatero. Kenaka anati popeza wamva kuti ndine wamakani, ndimvetsere bwino. Ndiyendetse filimu yonse ndi manja kaye, pang'onopang'ono, ndikuona polumikiza ponse. Ndipukute njira yonse imene filimu imadutsa m'makina. Chala chisachoke pa switchi, ndipo kulira kwa makina kukangosintha ndizimitse osadikira kuona chifukwa. Pomaliza anafunsa dzina la mwamuna wa mayi aja kuti akalembe pa pempho lathu la malo pamzere, ndipo anati zotsalazo azimenyera malo.

Pulojekitala tinaitulutsa m'sitolo ili m'bokosi lake. Babu linayaka. Mota inalira. Koma lamba woyendetsa mawilo anali atasungunuka n'kukhala ngati phula. Ndinamukokolola, ndinayeza malo ake ndi ulusi, n'kupita ku Msika wa Tsoka. Ndinawoloka pa kamlatho ka matabwa, ndinadutsa milu ya kaunjika ndi nsapato zolendewera pa zingwe, mpaka kwa bambo wina wogulitsa zipangizo za makina osokera, mabobini, masingano, malamba.

"Mdala, makina anji amenewa? Ulusi wokhawu sindingadziwe."

"Oonetsera kanema."

"Foni mulibe? Ndikupezereni yotchipa, mafilimu ali kale momwemo."

"Filimu yake ndi yakale."

"Yakarate?"

"Ya anthu akudzala mitengo."

Anandiyang'ana, anayang'ana mnzake wa benchi yoyandikana.

"Awa ndi aboma awa. Apatse lamba, asatidzalitse mitengo."

Anakhuthula thumba lonse pansi n'kumayeza mmodzimmodzi ndi ulusi wanga mpaka tinapeza awiri oyandikira. Wachiwiri ndiye anakwana.

Tinayesa makinawo Lachitatu titatseka, ndi filimu ina yodwala mofanana, ya ng'ombe za m'dibi. Tinaphimba mazenera ndi nsalu za patebulo, tinachotsa mapu pakhoma. Nditasindikiza switchi, teketeke uja anadzaza chipinda, kuwala kunadutsa pamwamba pa matebulo, ndipo pakati pa shelefu ya malamulo ndi ya zaumoyo panatulukira ng'ombe zofiira. Zinkalumphira m'madzi ofiira imodzi pambuyo pa inzake, mitu yokha ili pamwamba, maso ali tong'o, zikusambira molunjika kwa ife. Mawu a wofotokoza ankanjenjemera ngati akulankhulira pansi pa madzi. Mnzanga wa pakauntala, amene anabadwa nthawi ya mavidiyo, anakhala pansi pa simenti. Chapakati makina anasintha kulira, ndinazimitsa. Timabowo tingapo tinali titang'ambika. Ndinadula pamenepo, ndinalumikiza, tinapitiriza mpaka kumapeto. Ng'ombe ziwiri kapena zitatu zinatayika, ndipo sizidzapezekanso.

Mafilimu enawo anapita ku Area 11 dzulo pa galimoto ya mwana wa mayi aja, okulungidwa mwatsopano monga anatilangizira. Filimu ya likulu ndaiyendetsa ndi manja kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Koyambirira ndi kolimba ndithu. Chapakati ndi pamene yafota kwambiri, ndipo m'mphepete mwake muli ming'alu yaing'ono.

Tionetsa Loweruka likudzali masana, tikangotseka. Mayiwo adzabwera ndi mwana wawo ndi zidzukulu ziwiri zimene sizinawaonepo agogo awo aamuna. Mpando wawo tidzauika pafupi kwambiri ndi khoma, chakumanzere pang'ono kuti diso lakumanja lilunjike bwino. Mnzanga wa pakauntala wabwereka kamera kwa mlamu wake wojambula maukwati, ndipo foni yake idzajambulanso itatsamira pa mulu wa madikishonale. Abwana alankhula ndi woyang'anira jenereta kuti akhale pafupi. Mayiwo akuti amuna awo amatulukira mathirakitala akangodutsa, kuchokera kumanzere, atavala malaya a manja aafupi. Mwa kuyeza kwanga, pamenepo ndi chapakati pa filimu.